Satifiketi ya Fanuwelo

Linali Lachitatu, pa 6 Juni, nthawi itangokwana 10 koloko m'mawa. Tinali titazimitsa makina kuti timwe tiyi pamene foromani anabwera ndi pepala n'kulimata pachitseko cha wekishopu. Pepalalo linkati kampani ina ya ku Australia ikufuna anthu odziwa kuwotcherera zitsulo, ndipo amene angatengedwe adzapatsidwa viza yokakhazikika konko, iye ndi banja lake. Anzanga anawerenga n'kubwerera ku makapu awo. Ine ndinaima pa mawu akuti banja, kenaka ndinajambula pepalalo ndi foni.

N'kuti nditakhala ku Joni zaka khumi ndi chimodzi. Ndinachoka kwathu, mudzi wina wa kumtunda kwa Lizulu, mwana wathu woyamba, Tadala, asanayambe sukulu. Wachiwiri anabadwa ine ndili kutali, ndipo anaphunzira kunena kuti "adadi" akuyang'ana foni. Mkazi wanga, NaPhiri, sankadandaula kawirikawiri. Ankangoti, "Malata mwatumiza aja afika, koma malata sacheza."

Zaka zoyamba ndinkagwira maganyu. Mageti, zitsulo za m'mawindo, mipanda, ngolo zokokedwa ndi galimoto. Bwana ankakutenga pamsewu, n'kukupatsa zako m'manja Lachisanu, osalembana chilichonse. Ukaona galimoto ya apolisi unkalowa m'sitolo n'kumafunsa mtengo wa chinthu chimene sukuchifuna. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Mavuto wa ku Kasinje, amene ankasamalira maluwa kunyumba za azungu. Tsiku lina ndinawotcherera ndi chipewa chong'aluka galasi, ndipo m'mawa mwake maso ankangokhala ngati wina wathiramo mchenga. Mavuto anadula mbatata ya kachewere n'kundiika m'maso monse muwiri.

"Musagwedezeke, amwene," anatero. "Vuto lake mbatata za kuno n'zaulesi. Ikanakhala ya ku Lizulu bwenzi pano mukuwerenga nyuzi."

Kenaka ndinalowa kampani yopanga matanki ndi mapaipi a m'migodi. Sanandifunse pepala lililonse la sukulu. Anandipatsa zidutswa ziwiri za paipi, ndinazilumikiza, anazidula n'kuyang'ana m'kati, ndipo Lolemba ndinayamba ntchito. Iwo ndi amene anandithandiza kupeza chilolezo chogwirira ntchito. Pa tsiku la pepala lija ndinali nditagwirako zaka zitatu ndi miyezi ingapo.

Ndinafunsira ntchito ya pa pepala lija, ndipo anandiyankha kuti ndiyambe za viza. Za vizazo ankayendetsa ndi mayi wina amene kampani ya ku Australia inamulemba. Sindinakumane naye, tinkalankhulana pa foni basi. Ankalankhula mofulumira ngati basi ikumusiya. Poyamba penipeni anandifunsa zaka zanga.

"Makumi anayi ndi zinayi."

"Mukwanitsa liti 45?"

"Mu Epulo."

Ananena kuti viza imeneyi safunsira munthu amene wakwanitsa zaka 45. Zonse zinayenera kulowa tsikulo lisanafike. Kenaka anayamba kutchula: mayeso a Chingerezi, makalata a apolisi a mayiko onse amene ndinakhalamo, makalata ochokera kumene ndinagwirako ntchito, mapepala a malipiro, kuyesedwa luso, kupimidwa kuchipatala, satifiketi ya ukwati, mapepala obadwira a ana. Ndinalemba kuseri kwa katoni ya ndodo zowotcherera mpaka malo anatha.

Mayeso a Chingerezi ndinalemba kawiri. Ulendo woyamba ndinagwa pa gawo lolemba. Anandiuza kuti ndilembe kalata yodandaula kwa woyang'anira dziwe losambiramo. Ine dziwe ndimalidziwa la pa dambo, ndipo lilibe woyang'anira. Mavuto anadzipereka kukhala mphunzitsi. Lamulungu masana ankakhala pa ndowa, foni m'manja, n'kumandifunsa mafunso ndi mawu a m'mphuno ngati a abwana ake.

"Tafotokozani tchuthi chimene munasangalala nacho kwambiri."

"Sindinapiteko ku tchuthi."

"Namani, amwene. Akufuna Chingerezi, sakufuna chilungamo."

Ulendo wachiwiri ndinakhoza. Ndinaona ngati phiri ndakwera, osadziwa kuti ndinali ndidakali m'munsi.

Makalata a ntchito ndiwo anandithera nsapato. Mwa mabwana a maganyu aja, mmodzi anali atamwalira. Wina anasamukira kunyanja, nambala yake inali ikuyankhidwa ndi mayi wogulitsa makeke. Wachitatu ndinamupeza, ndipo anandikumbatira, n'kundionetsa geti limene ndinapanga, likadali chilili. Nditatchula za kalata nkhope inasintha.

"Ndikalemba kuti unagwira kwa ine, ndikhala ndikudziulula kuti ndinalemba munthu wopanda chilolezo. Ndimakudziwa, koma papepala sindikudziwa."

Ndinamuuza mayi uja zimenezi. Anati palibe vuto, zaka zimenezo tingozisiya. Zaka zisanu ndi zitatu za utsi ndi zipsera, tingozisiya. Zowerengeka zinali zitatu zokha za ku kampani. Anafotokoza kuti oyesa luso amalandira zaka zitatu kwa munthu amene anaphunzira ntchitoyo kusukulu ndipo ali ndi satifiketi. Wopanda satifiketi ayenera kuonetsa zaka zisanu. Zaka zisanu zikanakwana ine nditadutsa kale malire aja.

"Satifiketi ndili nayo," ndinatero. Ndinali nditaphunzira kuwotcherera kusukulu ya ntchito zamanja nditamaliza Fomu 4. Pepala lenileni linali kumudzi, m'sutikesi ya amayi, koma chithunzi chake ndinali nacho. Ndinatumiza.

Sipanathe ola, foni inalira.

"Satifiketi iyi ndi ya ndani?"

"Yanga."

"Pasipoti yanu ili ndi dzina lina. Apa palembedwa Fanuwelo. Ndipo pa fomu ya abale anu mwalemba kuti muli ndi mng'ono wanu dzina lake Fanuwelo."

Apa ndiyenera kufotokoza, monga ndinayesera kumufotokozera iye. Sitandade 8 ndinalemba kawiri osasankhidwa kupita ku sekondale. Masiku amenewo zinkamveka kuti wobwereza sasankhidwa, choncho amene ankafuna kuyesanso ankalembetsa ndi dzina lina, kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Sizinali zobisa. Aphunzitsi ankadziwa, makolo ankadziwa, theka la kalasi linali ndi mayina awiri. Bambo anga, amene anatisiya kalekale, sanavutike n'kuganiza. Anati, "Tenga la Fanuwelo, iye sakuligwiritsa ntchito." Fanuwelo anali atasiyira Sitandade 5 n'kumadyetsa ng'ombe. Ndinalemba ndi dzina lake, ndinasankhidwa, ndipo kuyambira pamenepo mapepala onse a sukulu anatuluka ndi dzina limenelo. Pasipoti ndinapangitsa ndi dzina langa la ubatizo. Sindinaonepo chachilendo. Dzina la kusukulu ndinkalitenga ngati yunifomu: ukaweruka umavula.

Mayi uja anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kuti munabera mayeso?"

"Ayi. Ndinabwereza."

"Ndi dzina la munthu wina."

"La mng'ono wanga. Mayeso ndinalemba ndine, ndi dzanja langa."

Anapumira m'mwamba. Anandichenjeza kuti pepala lokayikitsa likhoza kunditsekera khomo kwa zaka, ine ndi banja lomwe. Njira inali imodzi: ndikalumbire pamaso pa majisitireti kuti mayina awiriwo ndi anga ndi kufotokoza chifukwa chake, ndipo popeza mwini dzina ali moyo, nayenso akalumbire kuti sukulu anasiyira ku pulayimale, mapepalawo si ake, n'kuikapo chithunzi cha chiphaso chake. Anati sakulonjeza kuti oyesa luso avomera, koma popanda zimenezo asayese n'komwe. Anafuna mapepalawo Januwale asanathe.

Mavuto atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu ndiye munachita kulemba Fanuwelo pa fomu? Mukanati mulibe mng'ono."

"Ndili naye."

"Eya, ndiye kamutengeni."

Sindinade nkhawa. Fanuwelo ndi mwana wa mayi anga, ndipo kuchokera kwathu kukafika ku boma si ulendo wogonera.

Kampani inatsekera tchuthi pakati pa Disembala ndipo ndinakwera basi. Ndinatsikira pa Lizulu mvula ikuwaza. Ndinali ndisanabwere kwa zaka zitatu. Amayi ogulitsa kabichi ndi tomato anali omwe aja, koma anyamata a njinga zamoto anali atachuluka kuposa makasitomala. Ndikuyang'ana woti anditenge, wina anandiimikira njinga patsogolo. Munthu wonenepa, shati yopisira, cholembera m'thumba.

"Achimwene, kwerani."

Anali Fanuwelo. Tikudutsa pamsika anthu ankamukwezera dzanja. "Akalaliki, mawa mutsegula?" Iye ankangoliza belu. Ndinali nditamva kale kuti anapeza ntchito ku nyumba yosungiramo mbewu ya bungwe lina la alimi a kachewere, ndipo ndinasangalala. Kuti anaipeza bwanji, sindinafunse. Munthu ukakhala kutali umangolandira nkhani mmene yabwerera.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa amayi. Anatulutsa sutikesi pansi pa bedi, n'kuchotsa nsalu za ku Mvano, makadi a ubatizo, ndi envulopu yakhaki. M'katimo munali satifiketi ya ntchito zamanja yokha.

"Ya Fomu 4 ili kuti?"

"Ija anabwereka mng'ono wanu."

"Anabwereka kuti atani nayo?"

"Aa, si ya kuntchito kuja? Ankafuna wa Fomu 4. Ndiye poti inangokhala muno, njenjete n'kumaidya." Anatseka sutikesi. "Komanso dzina ndi lake lomwe."

Nditawafotokozera zimene ndinabwerera, amayi anaganiza kwa kanthawi n'kupeza nzeru.

"Nanga bwanji inu mungopita ndi dzina la Fanuwelo, iye atsale ndi lanu? Nonse ndinu ana anga."

"Amayi, sizitheka."

"Kale zinatheka bwanji?"

Ndinawatsanzika n'kutuluka.

Fanuwelo ndinamupeza Loweruka m'munda mwake akupopera mbatata. Anatula mpope, tinakhala pamzere. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira pa pepala la pachitseko mpaka pa majisitireti. Anamvetsera akuthothola udzu.

"Ndiye ndikalumbire kuti ndinasiyira Sitandade 5."

"Si zoona?"

"Ndi zoona. Ndisayine, adinde, aikepo chiphaso changa. Achimwene, pepala lokhala ndi chidindo silifa. Azungu anuwo akayamba kuimba mafoni kufunsa za satifiketi ya Fanuwelo, mukuganiza kuti nkhani ithera kuti? Pa boma pomwe pali anthu angati ondidziwa? Kuntchito kuli anthu atatu a Fomu 4 yeniyeni amene akudikira kuti ndipunthwe."

"Unatenga pepala langa osandiuza."

"Inu dzina langa munandiuza?"

"Anapereka ndi bambo."

"Anapereka ndili kudambo ndi ng'ombe. Ndinamvera kwa anzanga kuti Fanuwelo wasankhidwa kupita ku sekondale. Tsiku lonse ndinkayenda ngati ndine. Ng'ombe zomwezo ndi zimene zinkagulitsidwa kuti Fanuwelo aphunzire." Anataya udzu uja. "Sindikudandaula. Koma zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchito imene ija, thumba silinasowepo ndi limodzi lomwe. Sikelo sinandifunsepo kuti ndinalekera pati."

Ndinamuuza kuti akhoza kulumbira za satifiketi ya ntchito zamanja yokha, ya Fomu 4 osaitchula. Anandiyang'ana ngati mwana ndine.

"Munthu wa Fomu 4 ndi ine, wowotcherera ndi inu, koma dzina limodzi, sukulu yotsatizana? Inu nomwe mwanena kuti mayiyo akufuna nkhani yonse kuyambira Sitandade 8."

Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndi zimene zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinanyamuka osatsanzika. Ndikutuluka m'mundamo ndinakumana ndi mlamu wanga akubwera ndi madzi opopera. Anagwada n'kundipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundiuza kuti mwana wawo wamkazi anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Ndinati zikomo, Mulungu ndi wabwino.

Kunyumba NaPhiri anali atamva kale, monga zimakhalira pamudzi. Ankasankha nyemba pakhonde ndipo sanadzutse mutu.

"Ndiye akana?"

"Sanakane. Akuopa ntchito."

"Ife sitiopa kanthu?" Anaika lichero pansi. "Bambo a Tadala, zithunzi munatijambulitsa. Mapasipoti a ana munati tipangitse, tinapita ku Lilongwe kawiri, kukagona pabenchi. Tadala wauza kalasi yonse. Ine zaka khumi ndi chimodzi ndakwatiwa ndi foni. Pepala ndi lanu, munalivutikira ndinu. Iwo adya nalo zaka zisanu ndi chimodzi, sizikwana?"

"Ali ndi ana anayi."

"Inu muli ndi angati? Kapena awiri sawerengedwa?"

Nayenso ankanena zoona. Masiku amenewo aliyense amene ndinkalankhula naye ankanena zoona, ndipo palibe chimene chinkayenda.

Khirisimasi inadutsa. Ine ndi Fanuwelo tinkapatsana moni kutchalitchi ngati anthu ongodziwana. Mayi uja ankatumiza uthenga masiku atatu alionse, wa mawu awiri kapena atatu, wofunsa ngati mapepala atheka. Ndinamufunsa ngati kalata ya kusukulu yakale ingathandize. Anati ingathandize kuwonjezera, koma siingalowe m'malo mwa kulumbira kwa mwini dzina. Ndinapitabe kusukuluko. Aphunzitsi onse a nthawi yathu anali atapuma kapena kumwalira, ndipo mabuku akale anadyedwa ndi chiswe denga litadontha. Mphunzitsi wamkulu, mnyamata wobadwa ine ndili kale ku sekondale, anandifunsa kuti, "Ndiye bambo, mukufuna ndilembe kuti ndinu ndani?" Ndinamuthokoza n'kutuluka.

Ndinaimbira Mavuto, amene chaka chimenecho sanabwere kumudzi.

"Amwene, mwamugwira Fanuwelo?"

"Fanuwelo ndi kalaliki. Ndi satifiketi yanga."

Mavuto anati, "Ndiye kuti sukulu yanu ija yadyetsa mabanja awiri. Ena yathu sinadyetse ndi mbuzi yomwe." Sindinaseke. Anati, "Bedi lanu ndikuyalabe. Musachedwe, lendi ndi ya awiri."

Makhoti atatsegula, ndinauza amayi kuti Lachiwiri ndipita ku boma kukalumbira mbali yanga, kaya Fanuwelo abwera kaya sabwera. Ndinkadziwa kuti mbali yanga yokha ndi yopanda ntchito. Ndinangofuna kuti mawuwo akamufike.

Lolemba madzulo, dzuwa lisanalowe, Fanuwelo anabwera. Sanabwere ndi njinga. Anaima pabwalo mpaka NaPhiri anamupatsa mpando n'kulowa m'nyumba, koma chitseko anachisiya chotsegula. Fanuwelo anatulutsa envulopu m'shati n'kuiika pa tebulo. Munali satifiketi ya Fomu 4, atayimata pulasitiki, ndi chiphaso chake.

"Ndalankhula ndi mayi a ana," anatero. "Ndalankhulanso ndi amayi. Pepala ndi lanu. Mukati tipite, tipita. Ndibwera 6 koloko ndi njinga."

"Nanga ntchito?"

"Zikamveka, zamveka. Munda ulipo."

"Nanga mwana wa ku sekondale?"

"Achimwene, musandifunse mafunso amene ndadzifunsa kale. Inu ndinu wamkulu. Nenani inu."

Ndinafuna kumugenda ndi envulopu yomweyo. Akanakana, ndikanakhala ndi munthu womukwiyira moyo wanga wonse, ndipo NaPhiri akanadziwa woloza chala. Koma iye anabwera kudzatula katundu yense pakhonde panga, mwaulemu, n'kunyamuka. Ndinamuperekeza mpaka pa mpanda. Nsapato zake zinali zopolishidwa, koma chidendene chinali chitadyeka mbali imodzi, monga zinkadyekera za bambo.

NaPhiri anatuluka n'kuyang'ana envulopu ija. Anati, "Mwamva, avomera," ndipo anapita kukasita shati langa loyera.

M'mawa mwake Fanuwelo anafika 6 koloko isanakwane. Ndinavala shati lija, ndinatenga envulopu, ndinakwera. Tinatsetsereka ndi njira ya fumbi. Titafika pa tala anaima, n'kuyatsa nyali yokhotera ku boma. Ndinamugwira paphewa n'kuloza ku Lizulu.

"Achimwene?"

"Uchedwa kuntchito. Tiye."

Pamsika ndinatsika, n'kumupisira envulopu m'thumba la shati, kuseri kwa cholembera. Anafuna kulankhula, ndinamuuza kuti alimi akudikira. Atapita ndinaima pansi pa khonde la sitolo ina n'kulembera mayi uja kuti mapepala sapezeka, apereke malowo kwa wina. Kenaka ndinapita kwa wogulitsa matikiti a basi za ku Joni. Anatsegula buku lake n'kufunsa kuti mipando ingati.

"Umodzi," ndinatero. Ndipo ndinauyamba wapansi kubwerera kumudzi, kuti ndipeze nthawi yoganiza mmene ndikamuuzire NaPhiri.